Anakalamba Papepala

Alongo anga ankaopa mapepala kuposa njoka. Kalata ikafika kunyumba kwawo ku Estates, ngakhale ya kutchalitchi yoitanira msonkhano, ankaiika pamwamba pa kabati n'kumaizungulira masiku awiri asanaitsegule. Ena ankati n'kusaphunzira, koma kuwerenga ankadziwa bwinobwino. Amene tinkadziwa chimene chinkawadya tinali awiri basi, mkazi wawo ndi ine Molly, mlongo wawo wamng'ono, wogulitsa nsomba pamsika wa Kafue.

Kafue yense ankawadziwa kuti ndi ba Lighton Miti, kapitawo wa pa Mapaipi. Mapaipi linali dzina limene tinapatsa kampani ina youmba mapaipi a simenti pafupi ndi siteshoni ya sitima. Koma dzina limene amayi athu anawapatsa ku Katete linali Bwezani. Lighton anali mkulu wathu woyamba kubadwa, ndipo pa nthawi ya nkhani ndikunenayi anali atagona m'manda zaka makumi awiri.

Lighton ndiye anayamba kubwera kuno, azungu akulamulirabe, Mapaipi ili kayadi ka anthu khumi ndi asanu. Anandiitanitsa ine kuti ndizimuphikira, ndipo Bwezani anatsatira pambuyo kudzafuna ntchito. Masiku amenewo mwamuna wopanda chitupa chosainidwa ndi bwana ankagwidwa ndi amesenjala a kuboma n'kubwezedwa kwawo. Miyezi itatu a Bwezani ankangozemba, m'mawa pamzere wofuna ntchito, masana kuseri kwa milu ya nkhuni za sitima. Kenako Lighton anadwala malungo aakulu. Anagona Lachinayi, Lamlungu n'kutisiya.

Akuluakulu a kwathu amene ankagwira naye ntchito anakhala pansi pa mtengo wa mango, mtembo uli m'nyumba. Wina mwa iwo anati, "Wafa munthu mmodzi. Ntchito nayo ife?" Kumudzi kunali amayi ndi ana ang'ono atatu amene ankadya thukuta la Lighton. Choncho kuboma anakanena kuti wamwalira ndi Bwezani, lova uja. Lolemba m'mawa a Bwezani anavala ovolosi ya mkulu wawo, yolembedwa nambala 14 kumsana, n'kukaima pamzere. Mzungu wa payadi ankawerenga manambala, nkhope analibe nazo ntchito. Anaitana fotini, alongo anga n'kuyankha.

Kwathu munthu amalowa dzina la wakufa, inde, koma zimakhala ndi njira yake. Mowa umafulidwa, akuluakulu amakhalapo, mudzi wonse umamva. Ili linali dzina lolowa chobisala, misozi isanaume. Ine linkandikanika kutchula. Munthu ndamulira dzulo, lero ndiitane dzina lake wina ayankhe? Ndinkangoti "alongo", mpaka Dainess atabadwa n'kundipulumutsa, chifukwa kuyambira pamenepo anali atate ake Dainess.

Mkazi wawo Lilly ndinawapezera ndine, ku Chanyanya kumene ndinkakagula nsomba. Anakwatiwa akudziwa kuti mwamuna wake ndi Lighton, ndipo anaulula chinsinsi ndine ndemwe ndi pakamwa pangapa. Lamlungu lina masana alongo anagona pamphasa panja. Lilly anawaitana katatu kuti Lighton, iwo ali phee. Ine osaganiza ndinakuwa kuti, "A Bwezani, chakudya chazizira!" Anadzambatuka pomwepo. Lilly anayang'ana ine, n'kuyang'ana iwo, ndipo tinalibe kothawira. Titamufotokozera zonse anangopukusa mutu.

"Ine n'nakwatiwa na muntu, osati na pepala," anatero. "Manje idyani, nshima yauma."

Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Ankayenda ndi sipanala m'thumba, ndipo paipi iliyonse yotuluka m'chikombole ankaigogoda kamodzi n'kutchera khutu. Yabwino imalira mosalala, yokhala ndi mng'alu wobisika imalira mogonthera. Akanena kuti iyi ibwerere, inkabwerera, ngakhale injiniya atakwinya nkhope. Ankafika woyamba pageti, ndipo atakhala kapitawo ndi iwo ankaima pamenepo kulemba ochedwa. Sankakalipa, koma sankakhululukanso. Munthu wokhala pansi sindinamuonepo mwa iwo. Ngakhale kudya ankadya mwendo umodzi uli kunja.

Ufulu utabwera, boma linayamba kupereka mareji, ziphaso za unzika, ndipo mpata wokonza zinthu unali umenewo. Anaima pamzere wa reji katatu, katatu konse n'kuchokapo asanafike patebulo. Kachinayi anapereka chitupa cha Lighton, poopa kuti dzina likasintha ntchito ithanso. Kalaliki anakopera zonse monga zinalili, ndi chaka chobadwa chomwe. Chaka chimenecho n'chimene chinadzatipweteka. Lighton ankaposa Bwezani ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma mzungu amene anamulembera chitupa kwathu anangoyang'ana ndevu zake n'kuwonjezerapo zisanu. Alongo anga anayamba kuyenda ndi zaka khumi ndi zitatu zimene sanazikhalepo. Anyamata a payadi ankawaseka kuti ba Lighton sakalamba, ali ndi mankhwala, iwo n'kumaseka nawo mano okha.

Zaka zimenezo Kafue anakula tikuona. Kumene tinkatola nkhuni kunamera fakitale ya nsalu ndi ya feteleza, ku Estates nyumba zinandandalika mizeremizere, ndipo pansi pa zonsezo pankafunika mapaipi. Yadi ya anthu khumi ndi asanu inafika mazana atatu. Akuluakulu aja a pansi pa mango anamwalira, ena anabwerera kumudzi, chinsinsi n'kutsala ndi ife atatu. Kampani inawapatsa nyumba ku Estates, ya mpopi ndi magetsi. Usiku woyamba Lilly sanafune kuzimitsa getsi, ati lingakane kuyakanso.

Ana anabereka anayi, atatu anamwalira ali makanda, anatsala Dainess yekha. Mwanayo anali ndi mutu. Anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera konkuno, ndipo ali Fomu 3 aphunzitsi ake anabwera okha kunyumba kudzanena kuti akapitiriza chonchi, akamaliza Fomu 5 adzalowa yunivesite ku Lusaka. Lamlungu lotsatira alongo anga anavala jekete, anakwera basi ya ku Lusaka, n'kukaima m'mphepete mwa msewu kuyang'ana nyumba za yunivesite. Sanalowe. Atabwera anangondiuza kuti masitepe ake ndi ambiri, mwanayo adzafunika nsapato zolimba.

Nkhani ya malamulo atsopano inafika mu Seputembala, dzuwa likuotcha. Anaibweretsa ndi Whiteson wa yuniyoni, munthu wokonda kukwera padilamu ngakhale pa nkhani yoti akanainena ali pansi. Lachisanu limenelo ndinali pageti la Mapaipi ndi dengu langa, poti linali tsiku la malipiro, ndiye ndinamva ndi makutu angawa.

"Makomuredi, vintu vitatu vibwela!" anakuwa Whiteson. "Choyamba, penshoni ya aliyense osebenza. Chachiwili, kadi ya kukiliniki, iwe na mukazi na bana. Chachitatu, mwana wako akapasa Fomu 5, boma izamulipilila yunivesite. Bazakambilana ku Nyumba ya Malamulo, Januwale viyamba. Koma mvelani bwino. Ukafika fifite-faifi ni kuritaya, kulibe vopapata. Bonse mubwelese mareji ku ofesi, tilembe mafomu."

Anthu anaomba m'manja, ena kuimba. Ine ndinafunafuna alongo anga m'gulumo n'kuwapeza kumbuyo, ataima chilili, chipewa chili m'manja. Reji yawo inkati chaka chomwecho akwanitsa zaka 55. Thupi lawo linali ndi 42.

Tanthauzo lake tinaliona tonse popanda wotiuza. Akapuma ntchito, nyumba ya ku Estates ibwerera kwa eni ake. Palibe kampani ina ingalembe munthu amene reji yake ikuti ndi nkhalamba. Penshoni ikanawadyetsa kumudzi, koma m'tauni ikanatha nyengo ya mvula isanathe. Kumudzi kwathuko malo a atsikana kusekondale anali odzaza kale, ndipo kwa ine Dainess sakanakhala, poti ndinali m'chipinda chimodzi kuseri kwa msika ndi ana asanu, mwini nyumba akuwerenga mitu mwezi uliwonse. Mwanayo ankafunika zaka ziwiri zokha bambo ake ali pantchito m'Kafue, ndipo pepala linkawapatsa miyezi itatu.

Njira ina inalipo, yokaulula ku ofesi kuti iwo si Lighton. Koma pamenepo zaka makumi awiri zinali za ndani? Nanga apolisi?

Kuyambira tsiku limenelo alongo anga anasowa pokhala. Ankalima dimba lolimalima kale. Anapenta chitseko chimene anali atachipenta mu Julaye. Akaweruka ankabwera kumsika, kuima pa benchi langa n'kumasanja nsomba zanga, zazikulu uku zazing'ono uku, mpaka ndinkawalanda. Popita kwawo ankagogoda ndi sipanala chilichonse cha m'njira, mapolo a magetsi, mipopi, njanji. Lilly anandiuza kuti lamba wawo anabooledwa kawiri m'mwezi umodzi.

Mphekesera nazo sizinkatipatsa mpumulo. Lolemba umva kuti si 55 koma 50. Lachitatu wa m'basi ya ku Lusaka akuti ndi 60, mlamu wake amasesa ku Nyumba ya Malamulo. Lachisanu wailesi ikuti nkhaniyo aikankhira kutsogolo, Loweruka Whiteson ali padilamu kuti sanaikankhire. Alongo ankatola mphekesera iliyonse n'kubwera nayo kwa ine ikadali yotentha. Ya 60 ankayenda nayo masiku awiri akuimba mluzu, ya 50 inkawalanda chakudya pakamwa.

Chinkandipweteka kwambiri chinali Dainess. Iye sankadziwa kanthu. Ankabwera ndi nyuzipepala yobwereka kwa aphunzitsi n'kumawawerengera bambo ake mokweza, akunyadira Chingerezi chake.

"Atate, bakamba ati muzapumula Januwale," ankatero. "Mwasebenza maningi. Ine nikasiliza yunivesite nizakumangilani nyumba ya malata."

Iwo ankangoti, "Werenga pansipo, mwina alembapo zina."

Ku ofesi anapitako kangapo. Ankafika pakhomo, kugogoda, akafunsidwa chimene akufuna n'kunena kuti simenti yatsala pang'ono. Mafomu anayamba kulembedwa mu Novembala, gulu ndi gulu, ndipo makapitawo anawaika kumapeto. Ine magazi ankawira. Ndine munthu woti chinthu chikandivuta ndimafuna chithe lero, chiipe kapena chikome. Tsiku lina masana atayambanso kusanja nsomba zanga ndinawakokera kuseri kwa mabenchi.

"Alongo, mudikira chiyani? Mafomu akapita ku Lusaka chitseko chatsekeka. Pitani mukanene."

"Tidikire, Molly. Tione kaye lamulo lenilenilo litalembedwa. Zonsezi n'zakumva."

"Kudikira! Pa reji munadikira, mwaona kumene kwatifikitsa?"

"Zaka makumi awiri si zotaya pa mawu a Whiteson."

Apa ndi pamene ndinanena mawu amene ndimawamvabe mpaka lero. Ndinati, "Munabisala mu ovolosi ya wakufa moyo wanu wonse. Tsopano mufuna mwana ndiye alipire mantha anu? Akapita kukakwatiwa kumudzi, penshoni yanuyo mudzaidya ikukoma?"

Anapukuta manja pa buluku, n'kunyamuka. M'mawa mwake ndisanayale n'komwe nsomba ndinawapeza ataima pa benchi langa atavala jekete lija la ku Lusaka.

"Tiye ukakhale mboni," anatero.

Woona za antchito anali ba Gordon, mnyamata wa tayi amene analowa m'malo mwa mzungu chaka chapitacho. Anali wamng'ono moti akanatha kukhala mwana wanga, koma anatipatsa mipando ndi manja awiri. Alongo anayamba ndi simenti. Ndinawaponda phazi. Ndiye anafotokoza zonse, kuyambira malungo a Lighton mpaka mzere wa reji, maso ali pa chipewa chawo. Ba Gordon anadzuka n'kukatseka chitseko.

"Mudala, mwanipasa mulandu ukulu," anatero. "Ku polisi sinizayenda, iyo ikani pambali. Koma mvelani. Fayelo iyi ni ya Lighton Miti. Sevisi yonse ili pa zina yake na reji yake. Nikalemba ati Lighton anafa kudala, fayelo itsekeka, na penshoni itsekeka pamozi. Imwe ba Bwezani mu mabuku yatu mulibemo. Ningakulembeni nchito, koma monga muntu wamanje, wonyamula simenti. Nyumba ya ku Estates ni ya ba sevisi itali, muzachokamo."

"Koma ntchito ndikhala nayo?"

"Muzankala nayo, mpaka fifite-faifi yanu yazoona."

Kenako mnyamatayo anachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anatseka fayelo ija n'kuikapo dzanja.

"Ganizani mushe, mudala. Lamulo ikalibe kutuluka. Ine ningaibale ati munabwela. Muyende, tilembe fomu ya Lighton monga ba bonse."

Alongo anga sanayang'ane ba Gordon, anayang'ana ine. Ndikanatha kungokhala chete. Ndikanatha kunena kuti tiyeni tikagone nayo nkhaniyi. Koma ine Molly, wodziwa zonse, ndinagwedeza mutu kuti pitirizani.

"Lembani Bwezani," anatero.

Zotsatira zake zinatenga milungu itatu, kuboma uku, kukalumbira uku, ine ndili pambuyo ngati mboni. Kalaliki wa kuboma atapeza m'buku lakale kuti Bwezani Miti anamwalira, anaitana anzake kuti adzaone wakufa wovala jekete. Tinaseka nawo, nanga tikanatani. Reji yatsopano inatuluka, ndipo Khirisimasi isanafike anasamuka ku Estates kubwerera kukomboni yakale ya kampani pafupi ndi siteshoni, chipinda chimodzi, mpopi wa anthu onse panja. Mipando ina anagulitsa, ina inakhala kwa anansi. Payadi anawapatsa ovolosi yatsopano ndi nambala 327. Ukapitawo anapatsa mnyamata amene iwo anamuphunzitsa kugogoda paipi, ndipo mnyamatayo ankachita manyazi kuwatuma.

Dainess anamuuza okha bambo ake, atakhala pa katundu womangamanga. Mwanayo sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga manda aja a ba Bwezani timakasesa chaka chilichonse?" Atamuuza kuti ndi a Lighton, anadzuka n'kuyamba kunyamula mabuku ake. Kukomboni kunalibe magetsi, choncho ankatsalira kusukulu kuwerenga mpaka dzuwa litapendeka. Chodabwitsa n'chakuti alongo anga anayamba kudya. Ankabwera ali mbuu ndi simenti, mapewa atasupuka, koma mbale ankaimaliza. Ine ndinkadziuza kuti ndinachita bwino, ndipo ndinkauzanso Lilly kawirikawiri kuposa mmene ankafunsira.

Lamulo linatuluka kumapeto kwa Januwale. Ndinalimva kwa mayi wina wa ku Estates amene ankasankha nsomba pa benchi langa, akucheza ndi mnzake. Zaka zinalidi 55. Koma pansi pake panali mawu ena, akuti amene ali kale pantchito ndipo agwira zaka zambiri angapitirize zaka zina zisanu, dokotala akawapeza kuti ali ndi mphamvu. Ndinamufunsa mayiyo kuti abwereze. Anabwereza, n'kuwonjeza kuti Whiteson wawerenga pepala lenilenilo padilamu, madala onse a pa Mapaipi akuvina.

Ndinakhala pathumba la nsomba zouma. Zaka zisanu! Dokotala wake uti akanapeza munthu wa zaka 42 kuti alibe mphamvu? Dainess akanamaliza Fomu 5 ali m'nyumba ya magetsi, akanalowa yunivesite bambo ake akadali kapitawo, penshoni ili chilili kuwadikira. Anandipempha kuti tidikire, milungu isanu ndi itatu yokha, ine n'kuwatcha amantha. Sindinachitepo manyazi otero m'moyo wanga. Ndinapita kwa ba Gordon ndekha kukapempha kuti abweze zinthu mmene zinalili. Anandimvera chisoni, koma anati wakufa sangamuukitse kawiri, mapepala analumbiridwa kale kuboma.

Milungu iwiri sindinaponde kukomboni. Ndikaona ovolosi patali ndinkalowa pakati pa mabenchi. Ndinapita ku Chanyanya n'kukhalako masiku anayi pa nsomba zogula tsiku limodzi.

Amene anandifukula ndi Lilly. Lolemba lina m'mawa, ndikutsuka benchi, anafika akuthamanga, yunifomu ya Dainess ili m'manja. Anaipeza itapindidwa pansi pa mphasa. Mnansi anali atamuuza kuti kuyambira Lachitatu mwanayo sakupita kusukulu, akumakaima pamzere pageti la fakitale ya nsalu, kumene ankalemba atsikana odziwa Chingerezi.

"Batate bake bayenda kale kumeneko," anatero Lilly. "Nkope yao sin'naikonde. Tiyeni, mulamu."

Tinawapeza ali m'njira kubwerera, atamugwira Dainess padzanja. Anali atavala kale ovolosi ndi majombo. Sanamumenye, sanamukalipire. Anatenga yunifomu kwa Lilly, tinalowa m'chipinda changa kuti mwanayo avale, kenako tonse anayi tinayenda kupita kusukulu, iwo patsogolo. Ana ena a sukulu ankatiyang'ana. Titafika pageti Dainess anakanirira, n'kuchotsa dzanja lake.

"Atate, n'namvela vonse," anatero, misozi ikutsika. "Lamulo inatuluka bwino. Mwataya nyumba, mwataya penshoni, munyamula simenti monga kamunyamata, vonse chifukwa cha ine, ndipo vayenda chabe. Lekani nisebenze nikubwezeleni. Ku nsalu balipila mushe."

"Ubweza zingati?" anafunsa alongo. "Zaka makumi awiri uzibweza ndi malipiro a ku nsalu?"

"Olo pang'ono pang'ono."

"Mvera, mayi. Ine zaka zija sindinazitaye. Ndinakagula nazo malo ako m'kalasi umo. Ndinagula modula, inde, ena agula motchipa, koma ndinagula. Ukalowa, zilipo. Ukapita ku nsalu, ndiye kuti zatayikadi, ndipo wazitaya ndiwe."

Dainess anaima pamenepo akusisima. Ine sindinathe kupirira. Ndinagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa ana a sukulu, mayi wamkulu wonunkha nsomba.

"Alongo, wolakwa ndine. Munati tidikire."

"Dzuka, Molly, ukuchititsa mwana manyazi," anatero. "Pakamwa pako ndimapadziwa kuyambira uli wamng'ono. Unagwedeza mutu ndiwe, koma ananena kuti lembani ndine."

Sananene kuti sizikuwapweteka, ndipo sindinganame kuti sizinkawapweteka. Ananyamula simenti zaka khumi ndi zitatu, ukapitawo sunabwererenso, ndipo atapuma anapita ku Katete ndi kapenshoni ka munthu wolowa ntchito mochedwa ndi chifuwa cha fumbi. Dainess yunivesite analowadi. Koma m'mawa umenewo palibe ankadziwa zimenezo. Tinangoima anayi pageti, belu n'kulira. Mwanayo anapukuta nkhope ndi mkono wa yunifomu, anatenga chikwama kwa amayi ake, n'kulowa osacheuka.

Alongo anadikira mpaka atamuona akulowa m'kalasi. Kenako anayang'ana dzuwa, nkhope n'kusintha.

"Ndachedwa," anatero. "Watsopano akachedwa kawiri amamuchotsa."

Anayamba kuthamanga kulowera kusiteshoni, majombo akulira pamsewu, ndipo ine ndi Lilly tinawayang'ana mpaka anakhota pa msika.